Lamba wa Chigayo cha Abiti Makwinja

Dziko lake linkatchedwa Bweranimawa. Musavutike kulifunafuna, basi yopita kumeneko inanyamuka kalekale ndipo mpaka lero sinafike. Mfumu yake inali Tionabwino Wachitatu, munthu wa khosi ngati mtsuko, amene ankalamulira dziko lonse ali khale pa mpando ku likulu la Dikirani. Ndikati dziko lonse ndanama. Ankalamulira kuyambira pa khonde lake kukafika pamene phula linathera, pa mtengo wa mango wa ku depoti. Kupitirira pamenepo aliyense ankadzionera yekha.

Kutali uko, kuseri kwa mapiri, kunali mudzi wa Kwaiwalika. Chipatala chinalipo, koma munkagonekedwa mileme. Sukulu inalipo, koma aphunzitsi anapita ku Dikirani kukafunsa choko chaka cha dzombe, ndipo akudikirabe. Apolisi ankabwera kawiri pachaka, nthawi yokolola ndi nthawi imene mbuzi zaswa. Chinthu chimodzi chokha ndicho chinkagwira ntchito m'mudzimo: chigayo cha Che Ndaila.

Ndiye Che Ndaila anamwalira. Apa ndi pamene nkhani ikukomera.

Maliro asanatuluke n'komwe m'nyumba, mng'ono wa malemuyo, Che Likaka, anali atakhoma kale loko wake pa chitseko cha chigayo. Ankalira ndi diso limodzi, linalo lili pa kiyi. Koma sanadziwe kuti mkazi wa malemu, Abiti Makwinja, sanali mayi wogona tulo. Iye anali atalowamo kale, n'kuvula lamba amene amazunguza chigayo, n'kudzikulunga naye m'chiuno, chitenje pamwamba. Analira maliro onse ali ndi lamba m'chiuno, anthu n'kumati, "Taonani chisoni, mayiyu watupa nacho mimba."

Atabwera kumanda, Che Likaka anatsekula chigayo, analiza injini, injini n'kumangolira yokha ngati mwana wamasiye. Anathamangira kwa mlamu wake.

"Alamu, lamba ali kuti?"

"Lamba wa buluku lanu? Funsani akazi anu, ndi amene amakuvulani."

"Musandiyankhe choncho! Chigayo ndi cha achimwene anga, magazi amodzi!"

"Magazi amodzi? Pamene tinkagulitsa mandasi zaka khumi kuti tigule chigayochi, magaziwo anali kuti? Anali ku bawo! Achimwene anu akudwala munabwera kamodzi, n'kudya phala la wodwala, n'kupempha sopo."

"Mkazi iwe uli ndi pakamwa ngati chikwanje!"

"Inde, ndipo inu ndinu udzu."

Basi zinathera pomwepo. Uyu ali ndi chigayo chopanda lamba, uyu ali ndi lamba wopanda chigayo. Mukuti bwanji sanakagule wina? Kuti? M'dziko la Bweranimawa malamba onse olowa m'dziko ankapita kwa asilikali, ati ndi katundu wa nkhondo. Munthu wamba ukapezeka ukufunsa lamba m'sitolo ankakufunsa kuti ukufuna kulanda boma.

Abiti Makwinja anatengera nkhaniyo ku khoti la mfumu ku Dikirani, ulendo wa masiku awiri, nkhuku ili m'khwapa. Woweruza wake anali bwana Tiyimitse, munthu waulemu kwambiri. Analandira nkhukuyo ndi manja awiri, anamvetsera mpaka kugwetsa msozi, kenako anati, "Mayi, nkhani yanu yandikhudza. Bwerani mawa."

Mawa lake kalaliki anali ku maliro. Mawa linalo chidindo chinali chitapita kukadinda kwina. Mwezi wotsatira mapepala a mlanduwo anadyedwa ndi chiswe, ndipo khoti linakhazikitsa komiti yofufuza chiswecho. Zaka zisanu ndi chimodzi, abale! Nkhuku za Abiti Makwinja zinafika poti zikangomuona akumanga mpango kumutu, zonse kuthawira m'tchire. Akadandaula, bwana Tiyimitse ankamwetulira n'kunena kuti, "Musade nkhawa mayi, mlandu suola." Mlandu sunaole, inde. Amene ankaola ndi mapewa a azimayi a ku Kwaiwalika, amene anabwerera ku mtondo ngati nthawi ya makolo.

Tsono ndikuuzeni za a kuphiri.

M'mudzi momwemo munali mwamuna wina dzina lake Swaleyi, wa kabaza. Njinga yake inali yakuda, ya mpando wa siponji kumbuyo, ankaipukuta kuposa nkhope yake. Tsiku lina apolisi anabwera, mbuzi anazipeza zochepa, ndiye anatenga njingayo, ati belu lake linalibe chiphaso. Swaleyi anapita kukaifunsa, anabwerako ndi mano awiri m'thumba. Anasowa zaka ziwiri. Pobwera anali ndi ndevu zofika pachifuwa, mfuti paphewa, ndipo ankati tizimutchula kuti Amiri. Gulu lake linkatchedwa Asesadziko, ati Mulungu wawatuma kusesa dziko.

Shehe Amidu, nkhalamba ya pa mzikiti, inamuuza pamaso pa anthu. "Swaleyi, ku madrasa ndinakuphunzitsa ndine. Unathawa usanamalize tsamba lachitatu. Ndi Mulungu uti wakutuma kuwotcha msika wa anzako? Amene ndimamudziwa ineyo amati wopha munthu mmodzi wapha anthu onse." Mawa lake Shehe anapezeka ali pa msewu ndi kachikwama. Mpaka pano akugulitsa tomato ku Dikirani.

Koma amuna ankapitabe kuphiri. Nanga akanatani? Kumeneko kunali chakudya kawiri patsiku, nsapato za jombo, ndi munthu wokuitana dzina lako. Kuno kumudzi kunali kukhala pa chitsa kuwerenga ntchentche. Ndipo asilikali a mfumu akati abwere kudzasaka zigawenga, kuphiri sankakwerako, ati n'kotsetsereka. Ankangofika m'mudzi, kumenya aliyense wa ndevu, kutentha nkhokwe ziwiri zitatu, kunyamula nkhunda, n'kumapita. Akachoka asilikali khumi, amuna makumi awiri ankakwera phiri. Amiri ankati akamva kuti asilikali akubwera, ankauza akazi ake kuti awonjezere mbale.

Ku Dikirani nkhondoyi inkayenda bwino kwabasi. Mkulu wa asilikali, Kazembe Mimbayatsogola, anali atamupha Amiri kasanu ndi kawiri. Chaka chilichonse mvula ikatha, wailesi inkalengeza kuti mutu wa zigawenga waphedwa, mfumu inkavala chipewa cha nthenga, ana ovina ankavina, ndipo abwenzi akunja ankaombera m'manja n'kutumiza malole atsopano, jombo ndi zipolopolo kuti amalize otsalawo. Fodya anali atasiya kugulidwa, thonje linadyedwa ndi mbozi. Mbewu imene inkabereka m'dzikomo inali imodzi yokha, nkhondo. Ndiye ndani amazula mbewu yobereka?

Chaka chachisanu ndi chiwiri, nkhuku zitatha, Abiti Makwinja anaima pa mphambano. Njira iyi ya ku khoti, njira iyo ya kuphiri. Anamanga mpango, anakwera phiri chimanjamanja.

M'mawa mwake Amiri anatsika ndi amuna ake, anakhala pansi pa mtengo wa mbawa, anaitanitsa Che Likaka.

"Chigayo anagula ndani?"

"Ndiye kuti, bwana Amiri, malinga ndi magazi..."

"Sindinafunse magazi. Mandasi ankakazinga ndani?"

Mudzi wonse unayankha pamodzi, "Abiti Makwinja!"

"Ana amasiye akudya kwa yani?"

"Kwa Abiti Makwinja!"

"Kiyi."

Mlandu wa zaka zisanu ndi chimodzi unatha madzi a tiyi asanawire. Che Likaka analandira zikoti khumi zoperekezera, ankalira akutchula mayi ake amene anamwalira nthawi ya dzombe. Abiti Makwinja anapita kuseri, anamasula lamba m'chiuno, anthu n'kudabwa kuti kani mayiyu ndi wochepa thupi chonchi. Chigayo chinalira. Azimayi anayamba nthungululu.

"Chete!" anatero Amiri. "Nthungululu n'zoletsedwa kuyambira lero."

Eya. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mawa lake analetsa wailesi. Mkuja analetsa bawo, ndipo apa pokha azimayi ena anati mwina Mulungu wamutumadi. Kenako mpira, kenako ng'oma, kenako chitenje cha maluwa, kenako kuseka koonetsa mano a m'mwamba. Atsikana anauzidwa kuti asapitenso kusukulu, ngakhale sukuluyo munkagona mbuzi. Wogulitsa makaseti anadulidwa khutu, ndipo ameneyo palibe anaseka. Koma mbava zinatha, mijigo iwiri inakonzedwa, ndipo chigayo chinkalira tsiku lililonse, chimanga cha kuphiri poyamba, cha anthu pambuyo. Anthu ankang'ung'udza chamumtima, ufa uli pamutu.

Itatha miyezi itatu, Amiri anatumiza uthenga. Ati waganizira mofatsa, ndipo waona kuti n'kosayenera mkazi kukhala ndi chigayo popanda mwamuna womuyang'anira. Ndiye mwa chifundo chake wadzipereka kumukwatira Abiti Makwinja, akhale mkazi wachinayi, chigayo chilowe m'manja oyenera.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, Che Likaka anatulukira pakhomo pa mlamu wake, akuyenda chotsimphina. Zaka zisanu ndi ziwiri asanapondepo.

"Odi, alamu."

"Sopo watha."

"Sindinabwerere sopo. Ndamva zoti mukukwatiwa."

"Mwabwera kudzaseka?"

"Kuseka n'koletsedwa. Alamu, tamverani. Ine ndi inu tikhoza kutukwanana mpaka kumanda, ndi zathu za m'banja. Chigayochi mukachidya inu, ndidzakutukwanani. Ndikachidya ine, mudzanditukwana. Koma chidyedwe ndi Swaleyi? Swaleyi wa kabaza, amene anandigwetsera mu ngalande ndi thumba la feteleza?"

Abiti Makwinja anamutsegulira chitseko. "Zaka zonsezi, lero ndi pamene mwayankhula ngati munthu. Khalani pansi. Osati pamenepo, mpando umenewo ndi wa alendo enieni."

Anapangana. Che Likaka anakwera phiri ngati nkhoswe, anagwada bwinobwino. "Bwana Amiri, banja lavomera. Koma mwambo wa kwathu mukuudziwa, ndinu mwana wa konkuno. Wofunsira mbeta salowa pakhomo ndi mfuti, salowanso ndi gulu. Amuna anu adikire kumsika, tawakonzera thobwa. Inu mubwere nokha, mudzaone ndi katundu wa mkazi wanu."

Mawu akuti katundu ndi amene anamugwetsa. Anabwera Lachiwiri masana, ndevu zopesa, atadzola mafuta onunkhira mpaka agalu kuyetsemula. Analowa m'chigayo. Abiti Makwinja anali atavula kale lamba, injini ikungolira yokha, phokoso loti ngakhale ng'ombe italira simungaimve.

"Chigayo sichikutulutsa ufa bwanji?" anakuwa Amiri.

"Mwina chatsekeka, bambo!" anakuwa Abiti Makwinja, maso pansi ngati mkwatibwi. "Ife akazi sitidziwa za makina. Tasuzumirani m'munsimo!"

Anawerama. Che Likaka anamuveka thumba la madeya kumutu mpaka m'mawondo, Abiti Makwinja anamukhalira pamsana, ndipo anamukulunga ndi lamba uja kuyambira m'mapewa mpaka ku akakolo, ngati mtolo wa nzimbe. Anamutulutsira khomo la kuseri, kumuponya m'ngolo, matumba a madeya pamwamba. Injini anaisiya ikulira. Amuna a kuphiri anakhala kumsika mpaka dzuwa kupendeka, akumwa thobwa, akuti, "Koma Amiri nkhani za ukwati amazikoka."

Pa msewu panali zipata zisanu ndi zinayi za asilikali, zoikidwa kuti chigawenga chisadutse. Pa chipata chilichonse msilikali ankafunsa kuti, "Mwanyamula chiyani?" Abiti Makwinja ankayankha zoona zokhazokha, "Madeya ndi Amiri." Msilikali ankaseka, n'kutapa madeya a nkhuku zake, n'kukweza mtengo wotchingira msewu.

Njira yonse awiriwo ankakangana.

"Mfumu ikatipatsa mphoto, ng'ombe ndi zanga," ankatero Che Likaka. "Thumba ndinamuveka ndine."

"Thumba! Amene anamukhalira ndani? Inu mukanamukhalira akanakunyamulani ngati nsabwe."

M'thumba munkamveka mawu, "Mudzapsa nonse!"

"Iwe khala chete, tikukamba za m'banja."

Anafika ku Dikirani tsiku lachitatu, n'kupeza mzinda wonse uli mbendera zokhazokha. Pa msika Abiti Makwinja anaona Shehe Amidu atayala tomato wake.

"Shehe, kuli chiyani kuno?"

"Simunamve, mwana wanga? Amiri waphedwanso. Kachisanu ndi chitatu. Dzulo, pa nkhondo yoopsa."

Mayi wogulitsa usipa pambali pake anati, "Chaka chino amupha msanga. Chaka chatha anadikira mpaka tikolole."

Wogulitsa makala anati, "Munthu ameneyu ndimamusirira. Ine ndikadzafa kamodzi, basi kwatha."

Abiti Makwinja anakweza thumba limodzi. Shehe anasuzumira, anaona ndevu zoyera ndi madeya ndi maso awiri ofiira. "Swaleyi," anatero mofatsa, "tsamba lachitatu lija unamaliza?" Kenako anatembenukira kwa mayiyo. "Mwana wanga, bwerera naye. Kumene ukupitako sakumufuna."

Koma Abiti Makwinja anali asanamverepo munthu chibadwire. Anayendetsa ngolo mpaka pabwalo la nyumba ya mfumu, pakati pa chikondwerero, Kazembe Mimbayatsogola ali pakamwa pa chimkuzamawu.

"...ndipo ndinamuyang'ana m'maso, ine ndemwe, n'kumuuza kuti, lero ndi lero! Anagwa ngati mtengo wa mlambe! Koma otsatira ake akadalipo ambiri, choncho tikupempha abwenzi athu akunja..."

Phi! Mtolo unagwa patsogolo pa mfumu. Che Likaka anavula thumba.

"Zikomo mwini dziko," anatero Abiti Makwinja atagwada. "Takubweretserani Amiri. Wamoyo. Nkhondo yatha. Tingopempha lamba wathuyo mukamumasula, kwathu anthu akudikira ufa."

Woimba lipenga anameza mpweya wake. Abwenzi akunja, amene anakhala kutsogolo ndi zipewa zawo, anayamba kufunsa womasulira kuti chachitika n'chiyani, womasulira n'kuwauza kuti ndi gule wa makolo. Mfumu inadzuka, inati nduna zonse zilowe m'kati msangamsanga, pamodzi ndi mtolowo ndi eni ake.

M'katimo, chitseko chitatsekedwa, nduna ya chuma inayamba kulira ngati mwana. "Mwini dziko, nkhondo ikatha tidya chiyani? Malole aja? Jombo zija? Nyumba yanga yafika pa mawindo!"

Nduna ya zomangamanga inati, "Anthu akhala akufunsa za msewu, timati dikirani nkhondo ithe. Za mankhwala, dikirani nkhondo ithe. Ikatha tiziti adikire chiyani?"

Nduna ya maphunziro, imene inali isanalankhulepo zaka zinayi, inati, "Ndiye kuti tizitsegula masukulu?" N'kukomoka.

Kazembe anayandikira mtolo uja. Amiri analavula madeya n'kunena kuti, "Akazembe, muli bwanji? Zipolopolo za mwezi uno zachedwatu. Ndipo jombo munatigulitsa zija zonse ndi za phazi lamanzere."

"Sindikumudziwa munthu uyu!" anakuwa Kazembe.

Mfumu inakanda khosi lake, inaitana bwana Tiyimitse kuti aweruze pompo. Abale, tsiku limenelo Abiti Makwinja anaona chozizwitsa. Munthu amene analephera kupeza chidindo zaka zisanu ndi chimodzi anachitulutsa m'thumba la malaya.

"Khoti lapeza motere," anatero bwana Tiyimitse. "Amiri anaphedwa dzulo, wailesi ya mfumu inalengeza, ndipo wailesi ya mfumu sinama. Anaphedwanso chaka chatha, ndi zaka zina zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo. Munthu wakufa kasanu ndi katatu sangamangidwe. Choncho uyu si Amiri."

"Ndine!" anakuwa Amiri, atapsa mtima kuposa pamene anamuveka thumba. "Ndine Amiri wa Asesadziko, mkango wa kuphiri! Funsani aliyense!"

"Wakufa sachitira umboni," anatero bwana Tiyimitse. "Uyu ndi mlendo wosalakwa, wovutitsidwa ndi anthu a kumudzi. Amasulidwe, apatsidwe tiyi, ndipo lole ya asilikali imuperekeze kwawo. Inu awiri, mfumu yakukhululukirani chifukwa cha chikondwerero."

Di! Chidindo.

Anamumasula. Kalaliki anapinda lamba uja bwinobwino n'kumuika m'khwapa.

"Lamba wangayo!" anatero Abiti Makwinja.

"Ameneyu ndi umboni wa khoti, mayi. Komanso ndi katundu wa nkhondo, tifufuze kuti munamupeza bwanji."

"Zaka zisanu ndi chimodzi ndagona naye m'chiuno! Ndimutenga liti?"

Bwana Tiyimitse anamuyang'ana mwachifundo chenicheni. Ndikuuzeni zimene ananena? Mukuzidziwa kale.

Anabwerera pa ngolo yopanda kanthu. Pa chipata chachiwiri lole ya asilikali inawapitirira, Amiri atakhala kutsogolo, chigongono pawindo, akudya nthochi. Fumbi lake linawakuta.

"Nzeru zanu izi," anatero Abiti Makwinja.

"Zanga? Ndinati timuponye m'dambo, inu n'kumati mphoto, mphoto!"

"Amene ankagawa ng'ombe za m'maloto ndani? Achimwene anu anali ndi nzeru, inu munangotengako mphuno."

Ku Kwaiwalika chigayo chinali zii. Azimayi anatulutsanso mitondo, ndipo palibe amene anawapatsa moni awiriwo. Mayi wina anachita kunena mokweza ali pa mjigo, "Ena amapita kukathetsa nkhondo, n'kubwera atathetsa ufa." Anthu anasamutsa mbuzi ndi ana aakazi, akudikira moto wochokera kuphiri.

Tsiku lachitatu Amiri anatsika ndi amuna ake onse. Mudzi unabisala m'chimanga. Abiti Makwinja yekha anakhala pa khomo la chigayo, manja pamiyendo, poti analibenso kothawira. Amiri anaima patsogolo pake, anatsitsa chinthu paphewa, n'kuchiponya pansi. Lamba. Watsopano, wakuda bii, wonunkha sitolo, chidindo cha asilikali a mfumu chili pompo.

Mukudabwa? Musadabwe. Akanawotcha mudzi akanavomera pamaso pa amuna ake kuti anamangidwa ndi mayi wamasiye ndi nkhalamba ya bawo. Iye anawauza kuti anapita yekha ku Dikirani kukaopseza mfumu, ndipo mfumu inamubweza pa lole. Komanso kuphiri nakonso ufa unali utatha. Khoswe wa pa mkhate amadziwa kuti mkhatewo ukasweka nayenso wagwa.

Amuna a Amiri anamukoka Che Likaka m'chimanga n'kumupatsa zikoti makumi awiri, ati chifukwa cha thobwa losasa. Kenako lamba anamangidwa, injini inalira, ufa unayamba kutuluka. Anthu anatuluka m'chimanga mmodzimmodzi, malichero ali m'manja. Nthungululu zinali zoletsedwa, ndiye azimayi ankangogwedeza mapewa.

Patapita mwezi kunabwera nduna kuchokera ku Dikirani, ndi asilikali makumi atatu oiteteza, kudzafunsa chifukwa chimene anthu a ku Kwaiwalika amasungira zigawenga. Inalankhula maola awiri za kukonda dziko. Itamaliza inati, "Pali funso?" Gogo wina wopanda mano anaimika dzanja. "Bwana, mwabweretsa lamba?" Nduna inati nkhani imeneyo aiganizira. Pochoka asilikali ananyamula nkhunda, ndipo amuna asanu ndi mmodzi anakwera phiri.

Koma za ukwati zija Amiri sanaiwale. Tsiku lomwe anabweretsa lambalo anati, "Mayi, chikole ndi chimenecho. Yankho?"

Abiti Makwinja anayang'ana lamba akuzungulira, anayang'ana ana ake, anayang'ana mfuti. Zaka zisanu ndi chimodzi za ku khoti sizinapite pachabe, anaphunzirako kanthu. Anagwada mwaulemu, manja awiri pamodzi, nkhope yachifundo.

"Bambo, nkhani yanu yandikhudza. Bwerani mawa."

Mawa lake nkhoswe inali ikudwala zikoti. Mawa linalo kunali maliro. Kenako amalume ake oyenera kuvomereza anali paulendo, kenako mwezi sunali wabwino, kenako banja linakhazikitsa komiti, wapampando wake Che Likaka, amene mpaka lero sanagwirizane ndi mlamu wake ngakhale tsiku lokumana. Amiri akati akwiye, ankakumbukira kuti mtima wa chigayo chija amaudziwa ndi mayi yekhayo, wina akachigwira chimatsokomola n'kuzima. Ndipo ankakumbukira thumba.

Mvula itatha chaka chotsatira, Amiri anatsikanso, ndevu zopesa, kawailesi kali m'thumba, poti lamulo loletsa wailesi silinkafika pa thumba lake. Anaima pa khomo la chigayo, kumbuyo kwa mzere wa malichero, thumba lake la chimanga atalitsitsa panjira. Kawailesi kanayamba kulira malipenga. Ati nkhani yosangalatsa kwa mtundu wonse, mutu wa zigawenga waphedwa m'mawa uno pa nkhondo yoopsa, kachisanu ndi chinayi.

Amiri anatsitsa mawu a wailesi, anakonza kolala.

"Mayi, chaka chatha tsopano. Yankho langa?"

Abiti Makwinja sanasiye n'komwe kuthira chimanga. Anangoloza kawailesiko ndi chibwano, nkhope yonse ili mbuu ndi ufa.

"Pepani bambo, mwamva nokha. Ine ndinaikapo kale mwamuna mmodzi, wakufa wachiwiri sindingamuthe. Mukadzauka, bwerani mawa. Alamu! Musangoima ngati chitsa, sunthani thumba la malemuwa, likutsekereza anthu amoyo."